Likodzo la ku Lifuwu linandiitanira ankhoswe

Inu owerenga, ine ndinadwala matenda omwe ndinkaphunzitsa ana a eni m'kalasi, ndipo chifukwa chowabisa banja langa linatsala pang'ono kutha.

Ndinali mphunzitsi wa bayoloje pa yunivesite ina, pomwe amuna anga ankagwira ntchito m'boma ku Salima. Kunyumba ndinkabwera patchuthi pokha. Nthawiyo matipate anali atangoyamba, ndipo ife amayi tinali titangololedwa kuvala mathalauza. Ine sindinachedwe kugula yanga. Apongozi anga aakazi, omwe tinkakhala nawo, ankangoiyang'ana cham'mbali.

Chaka china ndinatenga ophunzira anga kupita ku Lifuwu kukatola nkhono m'ngalande za mpunga, nkhono zija zimafalitsa likodzo. Jombo zinaperewera. Zanga ndinapatsa mtsikana wina, ine n'kupinda thalauza, n'kulowa m'madzi kuphazi kulibe kanthu, pakamwa ndikuchenjeza anawo kuti asayerekeze kutero. Kaya ndinkaganiza kuti nkhono zimaopa digiri, sindikudziwa.

Patapita miyezi ingapo, ndili patchuthi, ndinayamba kumva kuwawa m'chinena ndi kuona magazi pokodza. Ndinadziwa bwinobwino kuti ndi likodzo, koma manyazi anandigwira. Pachipatala cha pafupi pankagwira ntchito anthu omwe ndinawaphunzitsa ndekha, ndiye ndinati ndikaonana ndi dokotala sukulu ikatsegulira. Amuna anga sindinawauze. Kuchipinda ndinkangowakana, n'kumanamizira kutopa.

Apongozi ndiwo anaona magazi m'bafa, nauza mwana wawo. Kumbukirani kuti masiku amenewo maliro a matenda opatsirana pogonana anali ponseponse, ndipo aliyense ankakhala ndi mantha. Loweruka lina ndinangoona ankhoswe athu atakhala pakhonde.

Amuna anga, munthu wofatsa yemwe anali asanandikalipirepo, analankhula motsitsa mawu, maso ali pansi. "Amake Tadala, ngati mwapeza wina kusukulu kwanuko, ingonenani. Musandiphe ndikulerabe mwana."

Mtima unandiwawa kwambiri. Ndinafotokoza za ku Lifuwu, koma palibe anakhulupirira. Malume anga enieni anafunsa kuti munthu wodziwa za likodzo kuposa onse pamenepo angalowe bwanji m'madzi otero wopanda jombo, ndipo ngati zinali zoona, ndinabisiranji. Maphunziro anga omwewo ndiwo anandisandutsa wabodza.

Lolemba tinapita kuchipatala tonse awiri. Amene anayeza mkodzo anali mmodzi wa ophunzira anga akale aja, ndipo sanaseke n'komwe. Ndinamupempha kuti amuna anga aone okha m'makina oonera tizilombo. Anawerama nthawi yaitali akuyang'ana timazira ta likodzo, kenako anangoti aona. Pobwerera kunyumba anandipepesa, inenso ndinawapepesa.

Banja lilipo mpaka lero, ndipo Tadala ali pabanja pake. Koma inu owerenga, makamaka inu amene ntchito imakulekanitsani ndi anzanu a m'nyumba, thupi likasintha muuzeni mnzanuyo tsiku lomwelo, ena asanakuyankhulireni. Musati ndinu ophunzira, mukonza nokha mwakachetechete. Ndipo m'madzi a m'ngalande musalowe opanda jombo, ngakhale mutakhala ndani.

Likodzo linatha ndi mapiritsi ochepa chabe. Koma ndikamanyamula chikwama kubwerera kusukulu, amuna anga ankandiyang'ana mwa mtundu wina, ndipo kayang'anidwe kokayikira kameneko sikanathe mpaka ndinapuma pantchito.