Ntchafu ya Nkhuku ndi Anti Esinati

Ndikukumbukira Lachitatu lina la holide, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, ababa ali pa ofu. Ankagwira ntchito yonyamula katundu wa apaulendo kubwalo la ndege ku Chileka, ndipo tsiku lopuma ankakonda kungogona pamkeka kuseri kwa nyumba, wailesi ikulira pambali. Tinkakhala awiriwiri, poti amayi anali atatisiya zaka ziwiri m'mbuyomo. Koma m'mawa umenewo anasita malaya awo a kutchalitchi ndi simbi yamakala, nandiluka tsitsi okha, mizere yokhotakhota ngati njira za mbuzi.

"Lero tikadya m'tauni ngati mabwana," anatero.

Ndinadabwa titatsika minibasi pa Kameza, tauni isanafike. Tinaima padzuwa, ababa akungoyang'ana msewu wochokera ku Lirangwe uku akupukuta thukuta. Kenaka m'minibasi ina munatsika mayi wamtali, wovala diresi lobiriwira, akununkhira sopo. Anali telala wa pamsika wa Lirangwe.

"Tiyamike, awa ndi anti Esinati. Apatse moni."

Ndinawapatsa dzanja nkhope ili kumbali. Ndinali mwana, koma sindinali wopusa. Ababa anali asanasitirepo malaya anti wina aliyense.

Hotela yake inali pakati pa tauni, yozizira m'kati ngati m'mtsuko. Pansi pankaterera, nyimbo zinkamveka chapansipansi osaoneka kumene zikuchokera, ndipo patebulo panali nsalu yoyera imene kwathu tikanaisungira alendo a Khirisimasi. Weta wovala tayi anandikokera mpando. Ababa, amene ankaona mabwana tsiku ndi tsiku, anaitanitsa chakudya m'Chingerezi mokweza mawu, nationetsa kuti foloko imakhala kumanzere, mpeni kumanja. Anti Esinati atandifunsa za kusukulu, ndinayankha ndi mapewa basi.

Kunabwera nkhuku yowotcha, tchipisi ndi masamba osaphika omwe ndinaganiza kuti awaiwala kuika pamoto. Fungo lake linandithetsa mkwiyo pang'ono. Ndinabaya ntchafu ndi foloko, ndikukanikiza mpeni ndi mphamvu zanga zonse. Ntchafu ija inaterereka, kulumpha m'mbale, kudutsa pansalu yoyera ija ikusiya mafuta, mpaka kukagwera pafupi ndi nsapato ya bambo wina wa suti. Mwana wa patebulo limenelo anaseka. Ababa anangoti kakasi, foloko ili m'mwamba. Ine makutu anatentha, misozi italengeza m'maso, ndipo mumtima ndinati ndaachititsa manyazi ababa pamaso pa mlendo wawo.

Anti Esinati sanandiyang'ane n'komwe. Anaika pansi mpeni wawo, nakodola weta uja.

"Achimwene, tithandizeni madzi osamba m'manja. Ine zitsulozi zanditopetsa, nkhuku ikundithawa."

Weta anabweretsa beseni ndi jagi. Anti anasamba, nang'amba nkhuku yawo pakati, mbali yaikulu n'kuika m'mbale mwanga, ndipo anayamba kudya ndi manja mosatekeseka, mpaka kuswa fupa. Ababa anayang'ana uku ndi uku, kenaka anapinda mikono ya malaya nawonso n'kusamba. Patapita zaka ndi pamene ndinadziwa kuti anti Esinati anagwirapo ntchito m'nyumba ya azungu ku Nyambadwe, ndipo foloko ankaidziwa kuposa ababa.

Titatha ayisikilimu, amene anandipweteka mano koma osamusiya, tinayendayenda m'tauni tikuonera nsapato ndi zidole m'magalasi a masitolo. Ababa analowa m'situdiyo kukafunsa ngati tingajambulitse, ife awiri tinatsala pakhonde. Anti anagwada kundimangira lamba wa nsapato.

"Amayi ako ankakuitana kuti chiyani?"

"Tiya," ndinayankha.

"Ndiye dzina limenelo ndi lawo, ine sindiligwira. Ndizikuti Tiyamike mpaka udzandilole wekha."

Ndinangoyang'ana nsapato yanga. Koma pojambulitsa, atandiika dzanja paphewa, sindinalichotse. Pobwerera ndinagona pamiyendo pawo, ndipo atatsika pa Kameza kuti akakwere ya ku Lirangwe, ndinawayang'ana pawindo mpaka diresi lobiriwira lija linasowa m'gulu la anthu.

Ukwati unachitika titakolola. Anti anasunga mawu awo: chaka chathunthu anali Tiyamike, Tiyamike, ngakhale pondikalipira. Tsiku lina ndikudwala malungo, iwo akundipukuta ndi kansalu konyowa, ndinawauza kuti dzina lalitalilo likundiwawa m'makutu. Anaseka, kenaka anatuluka panja kwa kanthawi, n'kubwera maso ali ofiira.

Masiku ano kudya m'tauni sinkhani. Malo odyera ali paliponse, ana anga amasankha chakudya pafoni, wa kabaza n'kutibweretsera pakhomo chikadali chotentha, ndipo palibe amene amasitira malaya zimenezo. Ababa anapita, Mulungu awasunge. Amayi Esinati anabwerera kwawo ku Lirangwe, kumene akupondabe makina awo osokera pakhonde, magalasi ali pamphuno. Ndikakhala pa ofu, anzanga akuntchito amandiitanira kuhotela, koma kawirikawiri ndimakwera minibasi ya ku Lirangwe ndi ana. Iwo sadziwa n'komwe kuti agogo awowo sanandibereke, ndipo ine sindinapezebe chifukwa chowauzira.