Miyezi Khumi ndi Umodzi Ndikubisa Bere

Chinali chaka cha 2022, mwezi wa Meyi, ndipo ndinali ndi zaka 69. Anagogoda m'mawa ndisanasukusule. Pakhomo panali mwana wanga wamkazi woyamba, mphunzitsi wa kuboma, ndi njinga ziwiri za kabaza.

"Ababa, valani. Tikupita kuchipatala."

"Wadwala ndani?"

"Inuyo. Amayi andionetsa vesiti."

Mkazi wanga anaima kumbuyo kwake, vesitiyo ili m'manja. Inali ndi dontho la magazi kumanzere, pamene pamagunda nsonga ya bere. Sanandiyang'ane. Pa zaka 44 za banja lathu, aka kanali koyamba kundinenera kwa munthu.

Mlandu wanga unali uwu. Ndinagwira ukapitawo pa esiteti ya fodya ku Mkanda zaka 31. Podinda mabelo ndinkakankha chitsulo cha jeke ndi chifuwa, mbali ya kumanzere. Choncho mu Juni 2021, nditapeza kanthu kolimba ngati njere ya mtedza kuseri kwa nsonga ya bere, ndinati ndi jeke ija. Sikankapweteka. Chosapweteka ine sindinkachiwerengera kuti ndi matenda.

Mu Okutobala nsonga ya bere inalowa m'kati. Ndinasiya kuvula malaya kumunda. Mu Januwale ndinapalasa njinga, kudutsa ku Kachebere, kuwolokera ku Zambia kwa sing'anga wosandidziwa. Ananditemera mphini zisanu ndi imodzi. Ndinasankha kutali dala, kuti ku Mkanda kusamveke zoti kapitawo akudwala bere. Pofika Malichi khungu la pamalopo linali ndi timaenje ngati khoko la lalanje, ndipo m'khwapa munatuluka mwanabere. Kenako magazi aja.

M'mawa umenewo sindinakane. Bambo sakangana ndi mwana wake wamkazi za bere pabwalo, akabaza akumva. Ndinakwera.

Kuchipatala anatilozera benchi. Panali amayi okhaokha. Mmodzi wa mpango wofiira, amene anati kwawo n'ku Dambe, anandifunsa:

"Agogo, mwaperekeza ndani?"

"Palibe."

"Ndiye mwasochera. Mzere uno ndi wa mawere."

"Ndikudziwa."

Anandiyang'ana pachifuwa, kenako anasendera. "Khalani apa, achemwali."

Benchi yonse inaseka. Ine sindinaseke.

Dokotala anali wamng'ono kwa mwana wangayo. Atati ndivule malaya, ndinatulutsa mwana wanga panja. Anakanikiza bere ndi zala zitatu, analowetsa dzanja m'khwapa, n'kukhala pansi.

"Munachiona liti?"

"Posachedwapa."

"Mphinizi zinapola kale, madala. Liti?"

"Juni."

"Juni wake uti?"

Ndinanena. Anawerenga miyezi ndi zala, nalemba m'buku.

"Ine ndine mwamuna," ndinatero. "Sindinayamwitsepo."

"Abambo nawonso ali ndi bere, kungoti ndi laling'ono. Khansa siwagwira kawirikawiri, koma imawagwira. Mukanabwera kadakali ngati mtedza, ntchito yathu ikanachepa. Yanunso."

Ananditumiza ku Lilongwe. Kumeneko anatapa kanyama ndi singano kuti akakapime. Yankho linabwera patapita masabata angapo: khansa ya m'mawere, ndipo inali itafika m'khwapa.

Ndinagonekedwa mu Julayi. Anatenga malaya, lamba ndi nsapato, n'kundipatsa chovala chomanga kumbuyo. Ine amene ndinkalamula anthu 60, ndinkapempha chilolezo kwa namwino kuti ndipite kuchimbudzi. "Gwirani chibotolo chanu, madala, chisakoke," ankatero, chifukwa m'nthiti mwanga munkatuluka kachubu. Nditatsitsimuka ku opaleshoni ndinagwira pachifuwa. Panali posalala. Ndinakhalamo masiku khumi.

Kenako diripi, masabata atatu alionse, kasanu ndi kamodzi. Mankhwala amenewo sagwirizana ndi chakudya. Ndevu zinachoka zokha. Zambiri sindinena.

Mayi wa ku Dambe uja ndinamupeza komweko. Tinkakhala mipando yoyandikana. Iye anadikira zaka ziwiri, chifukwa kwawo ankati ndi mkaka wogwirana, usungunuka wokha.

"Achemwali, lero mwachedwa," ankatero ndikamalowa. "Munali kuphika?"

Paulendo wachitatu ndinamuyankha kuti ndinali kusinja. Anaseka mpaka namwino anabwera kudzakonza singano. Paulendo wachisanu pampando wake panali munthu wina. Sindinafunse.

Anandimasula mu Febuluwale 2023. Dokotala anati, "Pitani. Mapiritsi musasiye, ndipo tsiku limene talemba muzibwera." Mwana wanga anandisenzera chikwama. Titafika ku Mkanda, mkazi wanga anali pakhonde.

"Mukadali okwiya za vesiti?" anafunsa.

"Ndinakwiya," ndinatero. "Munachedwa nayo."

"Mwezi wonse munkachapa nokha. Munkayesa sindikuona?"

Zimenezo zinali zoona. Ndinalowa m'nyumba.

Ndaganiza zambiri za ufulu. Ku wodi kunali chitseko ndi mlonda, koma kumeneko ndinkagona tulo. Kumene ndinali womangika ndi kumunda kwanga komwe, dzuwa likuswa mtengo, malaya nditamanga mpaka pakhosi, ndikuopa maso a anthu amene ndinkawalamula.

Masiku ano nyengo yosankha fodya ndimapita m'chigafa momwe muli abambo, n'kuvula malaya. Ena amayang'ana pansi. Ndimawauza kuti, "Yang'anani kuno." Ndimatchula zimene ndinaona: chotupa cholimba ngakhale chisapweteke, nsonga yolowa m'kati, magazi kapena madzi otuluka, khungu losintha, mwanabere m'khwapa. Chimodzi chokha chakwana, mawa lake kuchipatala. Ndimati akauzenso akazi awo, chifukwa iwo ndiwo khansayi imawagwira kwambiri, ndipo asawaletse kukaonedwa ndi dokotala wamwamuna. Kwathu, mwezi ukayamba, mkazi wanga amadzipima posamba, ine ndimapima bere langa lotsalalo.

Zimene ndinataya ndi izi. Bere limodzi. Anabere a m'khwapa. Mphamvu ya mkono wamanzere, umene umatupa ndikagwira khasu nthawi yaitali. Nyengo imodzi ya fodya. Mnzanga mmodzi wa mpango wofiira, amene sindinamufunse dzina. Ndi miyezi khumi ndi umodzi. Zinazo anachita kundichotsera. Miyeziyo ndinapereka ndekha.