Ndinati Ndili ndi Ana Asanu

Chaka chimene ntchito zomanga nyumba zinaima mu Dublin, bambo a kunyumba anakhala miyezi akudzuka opanda kolowera. Aliyense pakamwa panali riseshoni, riseshoni, kuti chuma chagwa. Renti ya ku Lucan, kumene tinkakhala, inatikanika, ndiye tinasamukira kumpoto, kumene tauni imathera n'kuyamba minda ya kabichi ndi mbatatesi. Bambo anapeza ganyu yolongedza masamba. Ndinagwada n'kuthokoza, chifukwa anzathu ena analibe ngakhale zimenezo.

Pamudzipo panali kasukulu ka pulayimale ka aphunzitsi atatu okha, kuphatikizapo a hedi, mayi achikulire a imvi. Mwana wanga woyamba, wamkazi, kuwerenga kunali kutamuvuta ku Lucan, mpaka m'mawa uliwonse ankati m'mimba mukupweteka. Kuno anapeza mphunzitsi wachitsikana, wofatsa, amene ankakhala naye pambali anzake akamasewera. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 7, sindikanamuthandiza kwenikweni. Changa chinali kupempherera mphunzitsiyo, ndipo ndinkamupempherera ndithu.

Tsiku lina pageti mayi wina wa konko anandifotokozera zimene zinkawadetsa nkhawa makolo. Boma limawerenga ana kumapeto kwa Sepitembala. Akapanda kukwana, limachotsa mphunzitsi mmodzi, ndipo amachoka ndi amene anabwera pomaliza. Mabanja anali kupita ku Australia ndi ku Canada, mipando ikutsala yopanda anthu. Wobwera pomaliza anali yemweyo wa mwana wanga.

Sabata yomweyo a hedi anandiimitsa. Tinali titangokhala miyezi yochepa, sankatidziwa bwino. Anandifunsa mwaulemu kuti ndili ndi ana angati.

"Asanu," ndinatero.

Sindinaganize kawiri. Amene ndinabereka ine ndi awiri, mtsikanayo ndi kamlongo kake kamene kanali kakuyamwa. Atatu enawo ndi a achemwali anga a ku Tallaght, kumwera kwa Dublin. Kwathu mwana wa mchemwali wako sumuika pambali powerenga. Amanditcha mayi aang'ono, ndinawasambitsa, ndinawabereka kumbuyo. Munthu atandifunsa lero ndingayankhe chimodzimodzi.

A hedi nkhope inawala. Anafunsa zaka zawo, ndinawauza. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, ine n'kumati azungu a kumudzi ndi ansangala bwanji.

Lamulungu titatuluka mu Misa ndi pamene ndinazindikira. Bambo mfumu a parishi, amene anakhalapo ku Malawi ali anyamata, anandipatsa moni m'Chichewa chawo chophotchoka, kenako anati amva kuti ndikubweretsa ana atatu mu Sepitembala, komiti ya sukulu yonse yasangalala. Nditawafotokozera anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Ndikanakhalapo ndikanawachenjeza," anatero. "Mayi wa ku Malawi umamufunsa kawiri."

Ine sizinandiseketse. Lolemba ndinapita kwa a hedi kukalongosola. Sanakwiye. Anangoti amvetsa, n'kuyang'ana pawindo kumene ana ankasewera. Ndinabwerera kunyumba mtima uli wolemera, ndikuganiza za mwana wanga amene anali atangoyamba kuwerenga zikwangwani za m'msewu mokweza.

Loweruka ndinakwera basi, kenako sitima ya Luas, mpaka ku Tallaght. Sindinapite kukapempha kanthu, ndinkangofuna wondimvera. Ndinapeza achemwali atangoweruka ku ntchito yawo yosamalira okalamba, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda. Alamu anali atapita ku England kukasaka ntchito. Ana anali okha tsiku lonse, mbale zili mbwee.

Nditawasimbira anaseka ngati bambo mfumu aja.

"Ndiye mwagulitsa ana anga kwa azungu, osandiuza n'komwe?"

"Achemwali, ine ndinangoyankha funso."

"Munayankha bwino. Mukanati awiri ndikanakufunsani kuti enawa ndi a ndani."

Anasisita bondo. Kenako anati mashifiti awo asintha, ana ang'ono awiriwo akumawasiya ndi mkulu wawo, yemwenso ndi mwana, ndipo akhala akupemphera osadziwa kuti apemphe chiyani.

"Atengeni awiriwa," anatero. "Lachisanu muzindibwezera, ndiziwaonako. Koma wamng'onoyu amadya ngati wolima, musadzati sindinanene."

Wamkuluyo anakana yekha tisanamufunse. Anayankha m'Chingerezi, monga amachitira ana a kuno, kuti iye kumunda sapita, anzake ali ku Tallaght. Tinamusiya.

Bambo a kunyumba nditawauza anangofunsa kuti agona pati. Tinapeza bedi lachiwiri kwa anthu a kutchalitchi. A hedi poyamba anadabwa, anafunsa ngati mayi awo avomeradi, ngati anawo sadzalira. Achemwali anabwera okha kudzaonana nawo, atavala chitenje pamwamba pa jekete. Analira ndithu anawo masabata oyamba, makamaka wamng'onoyo. Ndinkagona naye mpaka atazolowera.

Awiri okha sakanakwanira. Koma kumapeto kwa tchuthi kunabwera banja la ku Poland kudzagwira ntchito m'minda, ali ndi mwana wa msinkhu wa sukulu. Mmene Mulungu anawerengera, ine sindidziwa. Sepitembala atatha, a hedi anatuluka pageti n'kutiuza makolo kuti mphunzitsi uja sachoka. Amayi ena anandikumbatira, ena amene anali asanandilankhulepo. Mphunzitsiyo anangofiira nkhope.

Anakhala nafe chaka chimenecho ndi chotsatira, kenako nayenso anapita kunja monga anzake ambiri. Pamene ankachoka, mwana wanga anali akuwerenga yekha. Madzulo ankakhala pakati pa abale ake awiri aja n'kumawawerengera buku la ku sukulu, akalakwitsa iwo n'kumamuseka, iye n'kubwereza mpaka atakhoza. Ine ndinkamvetsera ndili kukhitchini, ndikuthokoza chamumtima.