Tchire la Kuseri kwa Fomu Fili

Buku limene ndinkaphunzitsira linali ndi mutu wa nkhalango za paini za kumapiri ozizira a kunja, kumene chisanu chimaundana panthambi. Ine ndinali pa sekondale ina yoyendera cha ku Wimbe, kumene ukaponya maso umangoona mizere ya fodya ndi zigafa. Ana anga a Fomu Fili ankaloweza mayina a mitengo imene sadzaikhudza n'komwe, ndipo zinkandinyansa.

Kuseri kwa kalasi yathu kunatsala katchire, kakang'ono kuposa bwalo la mpira. Munali mombo, mitondo, misuku ndi mpoza, ndipo dera lonselo mitengo yachilengedwe inatsala pomwepo basi. Tsiku lina ahedi analengeza kuti komiti yagwirizana zolambula tchirelo Lolemba. Mitengo makolo atenga kuti akamangire zigafa, ndipo pamalopo tidzala paini m'mizere yowongoka. Anandiyang'ana mokondwa n'kunena kuti akuchitira ine, kuti ana aziona ndi maso zimene zili m'buku.

Magazi anandiwira. Ndinawafotokozera kuti nkhalango ya m'bukuyo sinadzalidwe ndi chingwe, ndi mudzi wa zamoyo zodalirana, ndipo tchire lathu likufanana nayo kuposa munda wa paini. Iwo anati tchire n'lobisalamo njoka ndi ana othawa masamu, sukulu yotukuka imaoneka ndi ukhondo. Anandikumbutsanso kuti ndine wobwera, ndisamatalike mlomo.

Mlomo wanga ndi wautali kuyambira kale, amayi anga anaulephera.

Lolemba mamawa ndinauza ana kuti anyamule mabenchi ndi bolodi, tikaphunzirira m'tchire. Ndinawagawira thwaini womangira fodya kuti gulu lililonse lizinge malo ake n'kutola tsamba limodzi la chomera chilichonse. Apa mpamene ndinawagomera. Ana amenewa anakulira m'chigafa, kusankha masamba ndi ntchito yawo. Anayala masaka pansi n'kuyamba kuika masamba m'magulumagulu monga amachitira pogireda fodya, kuwayang'ana mitsempha, kuwafikisa, kuwanunkhiza. Ngakhale aja amagona m'kalasi anali kukangana.

Nditawawerengera kuti paini wa kumapiri kuja amakhala pa ubale ndi bowa wa m'mizu yake, mtsikana wina wofatsa anati ndiye chimodzimodzi bowa uja wa utale, sumera pansi pa bulugama koma pansi pa mombo. Ndinangoti laponda lamphawi, mutu wonse wa m'buku mwana waumaliza ndi mawu ochepa.

Dzuwa litakwera anafika abambo asanu ndi nkhwangwa paphewa. Anapeza ana awo omwe atakhala pansi pa mitengo imene anabwera kudzagwetsa. Munthu woleredwa sadutsa pamene anthu akhala osapereka moni, ndiye ananjuta, zipewa m'manja, nkhwangwa pansi. Ndinawalandira mwaulemu wonse, koma sindinasunthe ngakhale phazi.

Wamkulu pa iwo anali bambo ake a mtsikana wa utale. Anasuzumira pa saka la mwana wawo, tsinya lili gwa, n'kumuuza kuti wasokoneza, tsamba ilo si la mombo koma la mtondo, umene mbozi zandiwo zija, matondo, zimadya. Mtsikanayo anafunsa kuti nanga bwanji matondo sakugwanso ngati kale. Bambowo anayang'ana nkhwangwa yawo, kenako anakokera saka pafupi n'kuyamba kusankha nawo masamba.

Ahedi anatulukira akupuma mwabefu.

“Madamu, tulutsani ana m'tchiremu.”

“Ana ali m'kalasi, ahedi. Ngati phunziro lalakwika, auzeni nokha pamaso pa makolo awo.”

Mantha ndinali nawo, ndisaname, pakuti ndinali ndi ana awiri kunyumba ndipo ntchito ndi yomweyo. Koma mkwiyo unaposa mantha. Ahedi anauza abambo aja kuti ayambe kudula chakumapeto. Palibe anadzuka. Wamkulu uja, maso ali pa masamba, anati mtengo sugwetsedwa ana ali pansi, adikira kuti tiweruke.

Sitinaweruke. Belu linalira, ana osasuntha, ndipo si ine ndinawauza kuti atero. Mawa lake tinabweranso, mkuja wakenso, mpaka sabata inatha. Mvula itatipeza tinafunda masaka. Abambo aja anabwera kawiri, kachitatu anatumiza mawu akuti fodya wawapanikiza, ndipo mbande za paini zinakadzalidwa m'mphepete mwa msewu.

Kalata yanga inabwera teremu isanathe. Anati ndine wosamvera akuluakulu, ndipo andisamutsira ku sukulu ina cha ku Kaluluma. Anzanga anandinong'oneza kuti ndikagwade muofesi, ahedi ndi munthu, akhoza kubweza mtima, kungoti ndivomere kuti tchire lichoke pa holide. Ndinapitadi muofesimo, n'kupempha cholembera.

Kalata yondisamutsayo ndinaisaina nditaimirira.