Bokosi Linapita ku Lirangwe

Achimwene atamwalira, kompyuta yawo inagawidwa ngati mbuzi ya paukwati, wina mwendo, wina chiwindi. Tinali pakhonde la nyumba yawo ya lendi ku Chileka, maliro atatha, amalume ali pampando pakati kugawa katundu wamasiye. Malaya anapita, nsapato zinapita, njinga inapita. Itafika kompyuta, alamu, mkazi wa malemuyo, amene tsiku lonse sanatsutse kanthu, anakumbatira sikirini n'kukana kuisiya. Amalume anati palibe vuto, atenge. Amalumewo anasankha bokosi lachitsulo lija limakhala pansi pa tebulo, ati ndi labwino kuikapo wailesi m'golosale mwawo ku Lirangwe. Kiyibodi inapita ndi msuweni wina wa ku Mdeka, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti analembera chiyani.

Ine ndinalipo ndipo ndinayankhula. Ndinati zinthuzi ndi thupi limodzi, mukazilekanitsa palibe adzapindule. Amalume anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi, n'kundikumbutsa kuti anandiona ndikukwawa.

Chomwe alamu ankafuna ndinkachidziwa. M'kompyutamo munali vidiyo ya achimwene atanyamula mwana wawo wamkazi ali wakhanda, akumuyimbira nyimbo ya Chilomwe imene bambo athu ankatiyimbira ife. Foni imene inajambula inabedwa kalekale mu minibasi, ndiye vidiyoyo kunalibenso kwina. Alamu ankaionera pa sikirini, choncho kwa iwo inali mu sikirinimo basi. Ndinawafotokozera kuti sikirini ili ngati windo chabe, katundu amakhala m'bokosi. Anavomera mwaulemu, kenako anaifunditsa chitenje chatsopano n'kuiika pamwamba pa kabati.

Kompyutayo inali yakale. Achimwene ankagwira ntchito mu ofesi ya katundu ku bwalo la ndege, ndipo anaigula kwa mnzawo wakuntchito n'kuikamo pulogalamu yaulere ija, yosafuna laisensi, imene aliyense angathe kuisuzumira m'kati. Ndi iwo anandiphunzitsa kawindo kakuda kolembamo malamulo, kaja timati teminolo. Ankandikhazika Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, ndege zikuchita phokoso pamwamba pa malata. Kuphunzitsa kwawo kunali kotopetsa. Kompyuta ikadandaula ankati ndiwerenge kaye zomwe yalemba, chifukwa nthawi zambiri imanena yokha pomwe pakupweteka. Ankati usanakonze chinthu, kopera kaye. Ankatinso lamulo la rm, lofufutira, osalilemba uli ndi njala kapena utakwiya, pakuti likameza silibweza. Nzeru zimenezo ndi zomwe zimandidyetsa lero pa shopu ya fotokope pomwe ndimagwira ntchito, ngakhale nthawi imeneyo ndinkangoyasamula.

Mwana uja atayamba sukulu ya mkaka anayamba kufunsa kuti adadi ake ankayankhula bwanji. Alamu anandiitana kuti ndikayatse sikirini. Ndinailumikiza ku magetsi kuti aone okha. Inawala pang'ono, n'kulemba kuti sikulandira kanthu, n'kuda. Iwo anati mwina yatopa ndi kukhala.

Apa ndi pomwe anayambira maulendo anga a ku Lirangwe, ndipo ndikawakumbukira msana umandiwawabe. Ulendo wina ndinapeza amalume atapita ku maliro. Ulendo wina ndinawapeza, anandipatsa mpando ndi fanta, n'kundiuza kuti katundu wamasiye akagawidwa sabwerera, ukabweza chimodzi mawa aliyense abwera kudzafuna nsapato. Ndinati sindikulanda, ndikubwereka. Anati kubwereka ndi mmene kulanda kumayambira. Pomaliza, azakhali atawalankhula, anavomera kuti ndiligwire bokosilo koma lisatuluke m'golosalemo.

Ndiye ndinabwereka sikirini yaing'ono ndi kiyibodi kuntchito, n'kuzinyamula pamiyendo mu minibasi, kondakitala akufuna kundilipiritsa ngati ndi munthu wachiwiri. Bokosi ndinalipeza pakati pa katoni ya sopo ndi thumba la mchere. Nditalitsegula munatuluka mphemvu, ndipo fumbi linali litaundana pa fani ngati thonje. Ndinapukuta ndi mswachi wakale, ndinayatsa, fani inazungulira. Koma kompyuta sinafike pomwe pamaoneka zithunzi. Inaima pa mdima n'kulemba mizere yoyera.

Ndinawerenga, monga ndinaphunzitsidwira. Inkanena kuti diski, mosungira zonse m'bokosimo, ili ndi zolakwika, ndiikonze ndi lamulo la fsck. Zala zinayabwa kuti ndingolemba n'kumavomera chilichonse yandifunsa, ndithane nazo ndizipita. Koma kukonza diski yodwala nthawi zina kumataya zomwe ukufunazo. Kompyutayo ndinaizimitsa, n'kuiyatsanso kudzera pa fulashi yanga yomwe ili ndi pulogalamu yomweyo. Ndinalemba lsblk kuti ndione ngati diski ikuoneka. Inaoneka. Ndinaitsegula mwa njira yongowerenga, yosalola kulembamo kanthu, n'kuyamba kukopera foda ya achimwene ku diski ina ya m'thumba.

Inkakopera pang'onopang'ono, ikulira kuti tiki tiki. Makasitomala ankabwera kudzagula machesi n'kuiwala kubwerera, ataunjikana kumbuyo kwanga. Mmodzi anafunsa ngati muli mpira. Amalume ankauza aliyense kuti bokosilo ndi lawo, anadziwa kale kuti ndi la mtengo wapatali. Kenako magetsi anazima.

Sindinatukwane chifukwa amalume anali pomwepo, koma ndinatuluka n'kukakhala pa njerwa kuseri, mutu uli m'manja. Ndinali nditatopa ndi minibasi, ndi amalume, ndi alamu ndi chitenje chawo, ngakhalenso ndi achimwene amene anasunga chinthu chotere pamalo amodzi okha pomwe ine ankandilalikira za kukopera. Magetsi sanabwere tsiku limenelo. Ndinabwerera ku Chileka osadziwa ngati diski ija idzadzukenso.

Nditabwererako sabata yotsatira, diskiyo inadzuka, mwamwayi. Ulendo uno ndinagwiritsa ntchito rsync, lamulo lokopera lomwe likadukizidwa silibwereza zomwe linamaliza kale, ndipo ndinayamba ndi foda ya mavidiyo yokha. Mafayilo ena anakana, anali atafa. Vidiyo ya nyimbo ija inadutsa. Sindinaionere pamenepo, sindinafune kulira pamaso pa anthu ogula machesi. Ndinabweza wailesi pamwamba pa bokosi, n'kuthokoza amalume ndi manja awiri.

Kwa alamu ndinapita ndi laputopu ya bwana wanga. Ndinafuna kungoitsegula pa tebulo, koma iwo anali atatsitsa kale sikirini ija pakabati, atavundukula chitenje, ataipukuta. Ndinalibe mphamvu zokangana. Ndinalumikiza waya kuchokera ku laputopu kupita ku sikirini yawo, n'kukankhira laputopuyo pambali.

Achimwene anatulukira pa sikirini atavala vesiti, tsitsi losapesa, akuyimba mophonya mawu ena monga ankachitira. Mwana anayandikira n'kugwira galasi ndi chala. Anafunsa ngati khandalo ndi iyeyo, amayi ake n'kugwedeza mutu. Vidiyo inatha, tinabwereza. Inathanso, tinabwerezanso.

Kenako alamu anapukuta maso ndi m'mphepete mwa chitenje chija, n'kuika dzanja pamwamba pa sikirini.

"Mwaona alamu," anatero motsitsa mawu, "ndinkadziwa ine kuti ali momwemu. Chikhala ndinawalola amalume kutenga, bwenzi titawataya."

Mayankho onse ndinali nawo pakamwa, a bokosi, a diski, a mphemvu za ku Lirangwe. Ndinayang'ana dzanja lawo pomwe linali.

"Munachita bwino kuisunga," ndinatero.