Adzina a Mayi Dyness

Ku Kalingalinga kwathu, zaka zija tinkafola mizere ya sopo khadi la chipani lili m'thumba, ulemu wa mayi unali patsache. Pabwalo pakapezeka tsamba limodzi, mbiri yako inkafika kumpope madzi asanadzaze chidebe. Mayi Dyness, amene ndinagundana nawo mpanda, kumaso kwa nyumba ankasesa ngati wina aliyense. Koma kuseri kunali mulu wa masamba a mango, makoko a nthochi ndi zotsalira za ndiwo, ndipo ankauthirira madzi otsukira mbale kuti uwole bwino. Manyowa ake ndiwo ankanenepetsa repu amene ankagulitsa pamsika.

Bambo awo anachokera ku Malawi kudzafuna ntchito, iwo nkubadwira konkuno. Anali mayi wamfupi, woseka ndi thupi lonse. Ndi amuna awo a Dixon, kalipentala wosalankhulalankhula, anakhala zaka zambiri popanda mwana. Ana a mzere wathu wonse anakulira kumsana kwawo, koma panalibe kholo limene linatcha mwana dzina lawo. Kwathu mwana akatenga dzina lako amakhala adzina ako, umamuveka, ndipo dzinalo limayendabe iwe utagona. Anthu ankanong'ona kuti dzina la wosabereka limatseka mimba ya mwana. Bodza limenelo limandipsetsa mtima mpaka lero. Khanda likatuluka m'chikuta, Mayi Dyness ankafunsa dzina, nkululutira, kenaka nkupita kukathirira mulu wawo nthawi yaitali.

Chaka china mvula ili pakati, panafika mwamuna wovala tayi ali panjinga, Kapembwa, wa ku Kasama, amene ankaphunzitsa za tizilombo ta m'nthaka ku yunivesite, kutsidya kwa msewu. Anabwera kudzagula repu, koma maso ake anakakamira pamulu.

“Ba mayo, nipempako vinyalala vanu,” anatero.

“Vinyalala? Ku yunivesite vasila?” anafunsa Mayi Dyness.

Munthu wa tayi uja anagwada m'matope nkukanda masamba. Timadontho totuwa tinayamba kudumpha uku ndi uku. Mayi Dyness anagwira pakamwa ndi manyazi.

“Mayo ine, nthata! Osauza munthu, chonde napapata.”

Kapembwa anaseka, nati si nthata ayi, sitiluma munthu ngakhale nkhuku, timangodya zowola nkuzisandutsa dothi. Anatapa masamba m'kathumba nkupita. Kuyambira pamenepo ankabwera pafupipafupi. Ankafotokoza kuti amaika masambawo pasefa, pamwamba nkuyatsa babu, tizilomboto pothawa kutentha nkugwera m'botolo. Ankanenanso za mabanja a tizilombo, eti ili ndi banja lakuti, ili ndi lakuti, ndipo amawerenga maso ndi ubweya kuti adziwe kwawo kwa kalikonse. Mayi Dyness ankangoti “eya, eya,” maganizo ali pamadengu awo. Chimene anasunga m'mutu ndi chimodzi, chakuti mkazi wa Kapembwa, amene anabwera naye tsiku lina, anali woyembekezera.

Panapita miyezi. Tsiku lina Kapembwa anatsika panjinga isanaime nkomwe.

“Ba Dyness! Mu banja muja mwabwela kanyowani, kalibe zina. Nifuna nikapase zina yanu. Muvomela?”

Ine ndinali pampanda ndikuyanika zovala, ndipo ndinaona mayi uja akutula chidebe. Anakhala pansi pomwepo.

“Zina yanga ine? Ba madamu banu bavomela?”

“Bakondwela maningi! Mubwele pa Chisanu mukakaone.”

Sabata imeneyo Kalingalinga sinapume. Mayi Dyness anamasula juzi yawo yakutchalitchi nkuluka kachipewa ndi timasokosi. A Dixon anapala kampando kakang'ono. Lachisanu tinanyamuka atatu pamodzi ndi a Dixon, ine nditasenza kampandoko, Mayi Dyness atamanga chitenje chatsopano. Ndinadabwa kuti khanda tikukalionera kuntchito osati kunyumba, koma ndinati ophunzira ali ndi zawo.

Kapembwa anatilowetsa m'chipinda chonunkha mankhwala, chodzaza mabotolo. Mayi Dyness anayang'ana uku ndi uku.

“Nanga mwana ali kuti?”

“Apa,” anatero Kapembwa monyadira, akuloza makina oonera tinthu tating'ono.

Ndi pamene anaona kachipewa m'manja mwa mayi uja, ndi kampando pamutu panga. Anavula magalasi, nkuwavalanso. A Dixon anayang'ana kudenga. Ine ndinafuna nthaka ing'ambike, chifukwa ndinkadziwa chimene chinkasweka mumtima mwa mnzanga.

Mayi Dyness anayandikira makinawo nati, “Nabwela kale. Lekani nimuone.”

Anatsinzina diso limodzi nkusuzumira. Kapembwa anayamba kuwalozera. Kanthu kaja kamene pamulu kanali ngati kambewu ka fodya, apa kanali kathupi kofiirira kokhala ndi mizere yoyera pamsana, miyendo isanu ndi umodzi, tinyanga tiwiri, mapiko ayi. Kunsi kwa mimba kanapinda kamchira kamphanda, kotchera ngati msampha wa mbewa, ndipo kakafwamphula ndiye kudumpha kuja. Anati anafananiza ndi zojambula zonse za m'mabuku, anatumizanso ena kwa akatswiri akunja, ndipo onse anavomera kuti mizere yotere ndi ubweya wotere sizinalembedwepo. Wopeza ndiye amatcha dzina, ndipo iye analemba kuti dynessae, kutanthauza kuti ka Dyness.

“Ni kafupi,” anatero mayi uja, diso lili pomwepo. “Kamimba kakulu. Sikankhala pansi.” Mapewa awo anayamba kugwedezeka. “Ba Dixon, bwelani muone, kanipala, ni ine weniweni!”

Anaseka mpaka misozi, ndipo misozi ina sinali ya kuseka. Atapukuta ndi kachipewa kaja anafunsa ngati dzinalo silidzafufutidwa akadzapeza munthu wina wofunika kuposa iwo. Kapembwa anati ayi, likalembedwa lalembedwa, ngakhale adzukulu a adzukulu adzaitana lomwelo, kuno ndi kutsidya kwa nyanja.

“Nanga bali bangati?”

“Pa mulu panu? Sibangabelengeke.”

Kachipewa ndi kampando Mayi Dyness anapatsa mwana wa Kapembwa atabadwa, mnyamata, dzina lake Chisala. Adzina awo enieni anawaveka mwa njira ina. Ankazungulira msika kutolera makoko, nkumauza aliyense kuti akukadyetsa a Dyness. Anthu anaseka, iwo nkumaseka kuposa onse, mpaka oseka aja anayamba kubweretsa okha makoko.

Chilimwe chotsatira kunabwera lamulo la ukhondo. A Kalumba, tcheyamani wa chipani m'dera lathu, munthu wokonda kumvedwa, anayenda nyumba ndi nyumba ndi gulu lawo akutentha zinyalala. Atafika kuseri kwa Mayi Dyness anatulutsa machesi. Mayi uja anakwera pamulu nkukhala, manja atapinda.

“Chokani apo, ba Dyness, ni lamulo.”

“Ba cheyamani, bana banu bonse banakulila pa musana panga. Nachita kuyembekeza zaka na zaka kuti wina aitaniwe zina yanga. Aba beka ndiye banavomela. Muyambe kushoka ine na machesi yanu.”

Amayi amene anadzaonerera, aja ankanong'ona za dzina lotseka mimba, anayang'ana pansi. A Kalumba anatsokomola, nabweza machesi m'thumba, nati muluwo ndi nkhani ya maphunziro, ndipo gulu linapita kunyumba yotsatira.

Mayi Dyness anatsika, nakutumula chitenje, natenga chidebe cha madzi otsukira mbale. Ndinawamva ndili kuseri kwa mpanda akuthirira pang'onopang'ono.

“Musaope, adzina,” ankatero. “Amayi alipo.”