Nkhope ya Apongozi m'Beseni la Usipa

Kuyambira ku Chilumba mpaka ku Songwe palibe wamalonda amene anandipusitsapo. Ndinkanena zimenezi poyera, ngakhale m'minibasi. Choncho tsiku limene ndinaona kamera yakale pa benchi la mkulu wina wogulitsa zakaunjika pa Uliwa, ndinadziwa kuti mkuluyo alira.

Pambali pa kamerayo panali kabokosi kakuda kokhala ndi chopukusira, mpukutu umodzi wa filimu, ndi kapaketi ka mankhwala ake. Anati ukatha kujambula umaika filimu ndi kapaketiko m'kabokosi, n'kupukusa, n'kudikira pang'ono, zithunzi n'kutuluka pomwepo, zoonera padzuwa.

"Deti lake linadutsa ine ndisanamere ndevu," ndinatero ndikuloza katoni ya filimuyo.

"Filimu si mkaka, adada. Siisasa."

"Nanga bwanji simunajambulire nokha?"

"Ndijambule ndani? Inuyo ndi mphuno imeneyo?"

Tinakokana mpaka dzuwa kufika pamutu. Iye ankafuna foni yanga, koma ndinamusiyira wailesi yomwe inkalankhula pokhapokha ukaimenya mbama. Ndinachoka ndikuseka.

Ndinkafuna kujambula apongozi anga aamuna ku Uraha. Anali atakalamba, ndipo foni ankaikaniratu, ati nkhope yawo izingoyendayenda m'maso mwa anthu osawadziwa. Mkazi wanga analibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi. Atamva kuti filimuyi imathera m'manja mwa mwini wake, anavomera, koma kamodzi kokha. Anavala jekete n'kukhala patsinde pa nthochi, ine ndikugwada ndi kudzuka ngati katswiri mpaka filimu inatha.

Ndinapukusira pakhonde anthu atandizinga. Ndinadikira monga anandiuzira, n'kupukusanso. Chimene chinatuluka chinali lamba wakuda bii, wonanda, wonunkha ngati mankhwala a ku dibi. Apongozi anavula jekete n'kulowa m'nyumba. Mawu onse anatuluka pakamwa pa mkazi wanga.

M'mawa mwake ndinali pa Uliwa.

"Wakuba iwe! Bweza wailesi yanga!"

"Wakuba ndani? Deti munaliwerenga nokha, mokweza!"

"Unati siisasa!"

"Yasasa? Inunkhizeni!"

Ndinakuwa mpaka anthu anasiya zogula n'kutizungulira. Mkuluyo ataona kuti malonda aima, anandikankhira wailesi pachifuwa.

"Tengani chiphakasa chanu. Koma zanga mubweze zonse, ndi filimu yomwe."

"Idya!" ndinatero ndikumugenda nayo.

Ndinaphonya. Inakagwera m'beseni la madzi la mayi wina amene ankagulitsa usipa pambali pathu. Mayiyo anatitukwana tonse awiri pamodzi ndi makolo athu, kenako anaivuula n'kuyamba kuikhula ndi chala. Chakuda chija chinasendeka ngati khungu la chinangwa chovikidwa. Anaikweza kudzuwa, n'kutsinzina diso limodzi.

"Asekuru awa ndi a ndani?"

Ndinasuzumira. Tizithunzi tambiri tinali madontho okhaokha, koma titatu tinali bwinobwino: apongozi, jekete litasanduka lobiriwira, atakweza chibwano ngati akuyankha mlandu. Ndisanatambasule mkono, mkulu uja anali atatsomphola kale.

"Katundu wanga uyu. Mwabweza pamaso pa anthu."

Pakamwa panga pomwe panatuluka "wakuba" panayamba kutuluka "achimwene". Ndinamukumbutsa kuti tonse tili ndi apongozi. Anati ake anamwalira. Ndinamuuza kuti tizithunzito n'topanda ntchito kwa iye. Anati ndiye ndikunjenjemereranji. Ndinayerekeza kuchoka, njira imene sinandilepheretsepo, ndipo ndinafika mpaka pamsewu osamva wondiitana. Ndinabwerera ndekha, mayi wa usipa akundiwombera m'manja.

Anatenga wailesi, anatenganso foni. Kenako anatulutsa sizasi n'kundidulira kachithunzi kamodzi, kakang'ono ngati sitampa.

"Tiwiri tinato?"

"Totsatsira malonda."

Mpaka lero tili pa chingwe pamwamba pa benchi lake, ndipo aliyense wotsika minibasi amawasuzumira apongozi anga. Iwowo sakudziwa, ndipo ndikapita nawo ku chipatala ndimawakhazika mbali ya kunyanja m'minibasi kuti asaone. Kamera ija sinagulidwe, poti filimu yake kulibenso. Mkazi wanga amasunga kachithunzi kake mu envulopu. Nthawi zina ndimamupeza pakhomo atakakweza kudzuwa, akuwayang'ana bambo ake, ndipo tsiku lotero sandikalipira mpaka masana.

Inuyo mukaona, pakati pa ine ndi mkulu wa pa Uliwa uja, anapambana ndani?